Ubongo wa Thawee Ulibe Vuto

"Ndiwe waulesi, Ratchanee, usanamizire matenda!" Thawee anakalipira mkazi wake pamaso pa dokotala. "Anzako akusinja mapapaya osapsa a saladi wogulitsa kumsika, iwe ukungoti ndatopa, dzanja lachita dzanzi. Watopa ndi chiyani?"

Dokotala Sirikanya anatembenuza kompyuta kuti banjali lione zithunzi ziwiri. Anali atawaunika onse m'makina, Ratchanee ngati wodwala, mwamuna wake ngati munthu wabwinobwino woyerekezerapo. Thawee anadzipereka yekha, ati bodza la mkaziyo liyaluke.

"Apa ndi pa thalamasi, pakati penipeni pa ubongo, podutsira mauthenga a m'thupi," anatero dokotala. "Makinawa amayeza mankhwala achilengedwe osonyeza thanzi la mitsempha. Kwa mayiwa achepa. Zikugwirizana ndi zina zomwe tinapeza kale: ndi matenda a MS, odya chikuto cha mitsempha, angoyamba kumene. Kutopako n'kwenikweni."

Thawee analoza chithunzi cha ubongo wake. "Nanga wangawu, adokotala?"

"Wanu ulibe vuto lililonse."

Thawee anamwetulira, n'kudziwongola pampando.

Ratchanee anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Zikomo adokotala, mwandithandiza kawiri. Ine ndi ubongo wodwalawu ndimalawirira kumsika, ndisinje, ndigulitse, ndibwere ndichape, ndiphikire ana. Awa ndimawamvera chisoni, ndimati mwina m'mutumu munaduka kenakake. Tsono bambo, makina akuti muli bwinobwino. Chimakugonekani pamkeka tsiku lonse, mukusisita tambala wanu wandewu uja, ndi nthenda yanji? Adokotala ali pompano. Yankhani!"