Bondo la Eness Limangokokedwa

Panali munthu wina ku Zolozolo, mtsikana wa Fomu 3 dzina lake Eness Kumwenda. Pa mpira wa manja analibe mnzake. Akagwira mpira pansi pa golo, anthu ankayamba kuimba asanaponye n'komwe.

Tsiku lina akusewera anatera ndi mwendo umodzi n'kutembenuka, bondo n'kulira kuti thwa. Kunja kusanade linali litatupa. Kuchipatala adokotala anamuuza kuti pakati pa mafupa a bondo pali kanyama kolimba kokhala ngati khushoni, ndipo kake kang'ambika pang'ono.

"Miyezi itatu osasewera," anatero adokotala. "Uzibwera kumafizo olimbitsa bondoli. Bondo likadzakana kuwongoka, munthu asalikoke. Ubwere kuno."

Koma kunali kutatsala milungu isanu kuti akuluakulu a timu ina yaikulu ya mumzindamo adzasankhe osewera. Mayi ake anali atalengeza kale kutchalitchi kuti mwana wawo asankhidwa. Kusukulu nakonso kunalibe wina woponya. Kulikonse kumene Eness ankapita, funso linali limodzi: "Uyamba liti?" Palibe anamufunsa ngati likupweteka.

Akochi ake, a Percy, ankadziyesa dokotala. Matenda onse a pagalaundi mankhwala ake anali amodzi: kukoka mwendo n'kuthira madzi ozizira.

"Madokotala amawopseza chomene," anatero. "Kutupa kwaphwa, eti? Manga bandeji ulowe."

Eness anachita mantha, koma mawu oti ayi anamukanika. Analowa.

Sabata yoyamba bondo linagwira, osapindika, osawongoka. A Percy anamugoneka pansi, atsikana awiri anamugwira m'mapewa, iwo n'kukoka. Linalira kuti kwa, n'kumasuka.

"Waona? Linangochoka m'malo."

"Yewo, akochi," anatero Eness, misozi ili mbwembwembwe.

Linagwiranso kachiwiri, anakoka. Kachitatu, anakoka. Kunyumba ankayenda mowongoka mayi ake akamamuona, akapotoloka n'kugwira khoma.

Tsiku losankha linafika. Eness anagoletsa kanayi. Podumpha kachisanu anagwa, bondo litapindika. A Percy anakoka, kukokanso, mpaka thukuta. Ulendo uno linakana. Anamunyamula pamaso pa akuluakulu aja, masewero n'kupitirira ndi mtsikana wina.

Adokotala atamuunika anapukusa mutu. Kanyama kaja kanali katang'ambika n'kupindikira pakati pa mafupa, ndipo kukoka kulikonse kunkakanyenya.

"Ukanabwera litangogwira koyamba, tikanatha kukasoka," anatero. "Pano pofunika opaleshoni, tichotse mbali yaikulu."

Mayi ake anamuyang'ana. "Mwana wane, bwanji sunandiuze?"

"Amama, munali mutauza kale anthu onse."

Eness anatembenukira kwa adokotala. "Ndiye ndidzasewera liti?"

Adokotala anatseka buku lake la kuchipatala pang'onopang'ono.

"Tiyambe taona ngati udzathe kunjuta."

Phunziro: Kuphwa kwa chotupa si kuchira. Bondo la mwana likamagwira kapena kukana kuwongoka, musalikoke, pitani naye kuchipatala, ndipo abwerere pagalaundi akamuloleza amene akumuthandiza. Makolo ndi akochi, mwana amaopa kukukhumudwitsani kuposa mmene amaopera ululu, choncho mufunseni ali yekha ndipo mumve yankho lake. Ana inu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, musabise. Tumizani nkhaniyi ku gulu la makolo ndi kwa akochi onse amene mukuwadziwa, mwina mwendo wina upulumuka.