Mzere Umene Unasowa pa Bolodi

Ana khumi ndi mmodzi a Sitandade 7 anali gone kuchipatala ndi matenda otsekula m'mimba, ndipo pakati pawo panalibe Msilamu ngakhale mmodzi. Ku Nkope manong'onong'o anali atafala ngati moto wa mu Okutobala.

Mayi Rosalina, mphunzitsi wa sayansi, anapemphera chamumtima asanagwire choko. Pawindo panadzaza makolo. Kutsogolo kwawo kunali a Luciano, amene mwana wawo Dinala anali pa diripi, ndipo m'manja anagwira chigubu cha petulo. Pageti, Abiti Swadick, mayi achisilamu amene anthu ankawaloza chala, anakhala pambali pa ndowa yawo ya thobwa logulitsa.

"Madamu, tikupatsani mpaka belu," anatero a Luciano. "Likalira, kanyumba ka mayi aja ndi phulusa."

Chaka chonse Mayi Rosalina anaphunzitsa anawo njira imodzi: vuto lalikulu uliphwanye tizidutswa, usimbe nkhani yake mwandondomeko, ufufute zofanana, uyang'ane chotsala. Nkhani za odwala anazilemba kale kuchipatala. Tsopano amene sanadwale anaimirira mmodzimmodzi kusimba tsiku lawo, kuyambira podzuka.

Kusamba padooko: onse. Anafufuta. Usipa wamadzulo: onse. Anafufuta. Madzi a pamjigo wam'mudzi: onse. Anafufuta.

Pabolodi panatsala mzere umodzi. Odwala onse anamwa thobwa la pageti. Amene sanadwale sanalilawe.

Mayi Rosalina anakumbukira kuti Ambuye amadana ndi mboni yonama, koma nanga iyi inali yonama? Panja wina anatsegula chigubu, fungo la petulo n'kulowa m'kalasi.

Yasmin, mtsikana wa benchi lakumbuyo, anakweza dzanja.

"Madamu, paja munati ndondomeko ikadumpha mzere, yankho limanama."

"Tadumpha uti, mwanangu?"

"Ife sitinamwe thobwa chifukwa tili pa Ramadani. Masana sitimeza kanthu, ngakhale dontho. Ndiye funso si la thobwa lokha ayi. Anzathuwa amwanso chiyani pasukulu pano?"

Maso makumi asanu anatembenukira pakona ya kuseri kwa chitseko.

Pamenepo panali mtsuko umene Mayi Rosalina ankaudzaza okha m'mawa uliwonse, kuti ana a eni asavutike ndi ludzu. Madzi ake ankatunga pachitsime cha kuseri kwa nyumba yawo.