Galu wa Kuseri kwa Mpanda

Galu wa kuseri kwa mpanda uja anayambanso kuuwa Lorna Haugen ali pakati penipeni pofotokoza. Lorna anakukuta mano, kenako n'kumwetulira pa kamera. Kumwetulira kwa munthu amene amuponda chala mutchalitchi kkkk.

Pa laputopu panali zii. Bambo Thielen anali atazimitsanso maikolofoni yawo. Ndi khalidwe lawo limenelo: mnzawo ukulankhula, iwo thi, azimitsa. Kamera nde sankayatsa n'komwe. Lorna ankangoona kachizindikiro ka bungwe lawo la ku Washington, lija limapereka alangizi oti azithandiza madipatimenti a maphunziro m'zigawo. Ati kuthandiza. Mxii.

Dipatimenti ya chigawo chathu inamupatsa Lorna ntchito yolemba mfundo za zimene mwana womaliza sekondale ayenera kudziwa kuti akayambe ntchito osachititsa manyazi. Kuwotcherera, kusamalira odwala, zamakompyuta, zonsezo. Ndipo abwana ake sanapite m'mbali: mlangiziyu akapanda kuvomera lero, mfundozo sizipita ku bodi ya akuluakulu Lachisanu, ntchitonso aipereka kwa wina.

Nde apa anali pa tebulo la kukhitchini kwake, kumtunda bulauzi yosita bwinobwino, kumunsi thalauza yogonera ya timabakha.

Galu anasiya. Maikolofoni ija inayaka.

"Pepani, Mayi Haugen. Pitirizani."

"Ndamaliza kalekale, bambo. Kaya munamva, kaya munapita kukaphika khofi."

"Ndamva zonse. Vuto likadali lomwe lija. Mulibe mfundo yophunzitsa ana kuthetsa mikangano ndi anzawo a pantchito."

"Ana akufuna luso la m'manja, osati kugwirana manja n'kumaimba nyimbo."

"Olemba ntchito akuti ambiri amene amawachotsa sikuti ntchito saidziwa. Ndi mkamwa."

"Kukhala bwino ndi anthu aliyense amadziwa, bambo. Sizofuna kalasi zimenezo."

"Aliyense?"

"Aliyense amene analeredwa."

Mumtima Lorna ankawaona bwinobwino bambowa. Kamunthu kadazi, kali pa nyumba yosanja ku Washington uko, tayi mpaka pamchombo, chipale chofewa sikanachifosholepo chibadwire. Kakudziwa chani za kuno?

Adani Lorna anali nawo awiri, winayo ndi neba. Nebayo anasamukira kuseri kwa mpanda chipale chitangoyamba kugwa, nde nkhope yake Lorna anali asanaionepo: chipewa mpaka m'nsidze, sikafu mpaka pamphuno. Dzina sanafunse, ankangoti Wagalu. Galu wakeyo, eee, chimwana cha ng'ombe. Kuuwa ngati amamulipira. Komanso anali atapeza kampata pansi pa mpanda, m'mawa uliwonse kumabwera kudzasiya "mphatso" pa khomo pa Lorna. Dzulo lake Lorna anatopa nazo. Anatapa mphatsoyo ndi fosholo ya chipale n'kuiponya kuseri, inakatera pa galasi la galimoto ya Wagalu, phaa! Tsiku lonse ankangoseka yekha.

"Ndawerenganso gawo la owotcherera," anatero Bambo Thielen. "Ndi labwino."

"Zikomo pozindikira patatha mwezi."

"Mayi Haugen, ine sindine mdani wanu."

"Ayi ndithu, ndinu mngelo. Mngelo wopanda nkhope."

Atangotero anadziluma lilime. Ntchito, Lorna, ntchito! Anamwa khofi wozizira kuti pakamwa patsekeke.

Huu! Huu!

Thi, maikolofoni yazima. Mwaona? Munthu wamwano. Lorna anayang'ana kachizindikiro kaja ngati akameze. Kunja galu, mkati Thielen. Awiriwa akanangowamanga thumba limodzi n'kukawataya kunyanja yozizira uko, dziko likanapuma.

Galu atatonthola, bambo aja anabwerera. Anatsokomola pang'ono.

"Chabwino. Nthawi yatha, ndipo ndikudziwa kuti abwana anu akudikira. Ndaganiza mofatsa. Yankho langa ndi loti..."

HUU! HUU! HUUU!

Ulendo uno galuyo anachita ngati waona mzukwa. Bambo Thielen ankalankhulabe, koma Lorna sanamve ngakhale liwu limodzi. Yankho limene wakhala akulidikira nyengo yonse yozizira, ladyedwa ndi galu!

Magazi anathamangira kumutu. Komatu Lorna si wopusa: anayamba wazimitsa kamera, n'kuzimitsa maikolofoni, n'kuonetsetsa kawiri kuti kachizindikiro ka maikolofoniyo kafiira. Kenako anakankha mpando, timabakha tija tili pamtunda, n'kutsegula zenera mwamphamvu. Zenera la kwa Wagalu linali lotsegula pang'ono.

"Iwe Wagalu iwe! Chitsiru chobisa nkhope! Ena tikugwira ntchito kuno, si ulova wakowo! Tontholetsa chinyama chakocho, apo ayi mawa ndikuponyera mkamwa, osati pa galimoto!"

Aaa, mtima unachita kuti myaa. Anapumira m'mwamba, n'kutembenuka kuti akhale pansi ngati mayi waulemu wake.

"...mkamwa, osati pa galimoto!" inatero laputopu.

Mawu ake omwe, mochedwerako pang'ono. Lorna anayang'ana maikolofoni yake. Yofiira. Yozima ndithu.

"Mustard, khala pansi," anatero Bambo Thielen pouza galu uja, ndipo mawuwo anatulukira kuwiri, pa laputopu ndi pa zenera. "Ndimati ndavomera, Mayi Haugen. Koma mfundo ya mikangano ija tiyambirenso, eti aneba?"