Kanthu Kochepa Kuposa Atomu

Maliro a bambo ake atatha ku Kapata, Mainess anabwezeredwa foni. Amalume ake, a Jabulani, anali atamulanda tsiku lomwe anafika, amvekere pasiwa saseweretsa foni.

Mauthenga a asayansi anzake a ku labotale anali mbwee: "Tumiza zotsatira zako, tilengeze!" Womaliza unali waufupi: "Labotale ina ija yalengeza. Atipitirira."

"Amalume!" Mainess anakuwa mpaka anamfedwa anatembenuka. "Kanthu kaja kochepa kuposa atomu, ndakafunafuna moyo wanga wonse! Ndinayamba kukaona ndine! Ena alengeza kuti akapeza, ine ndikukwecha mapoto pano!"

A Jabulani anapitiriza kusanja mipando.

"Nanga ukukwiyiranji, mwanawe? Si kapezeka? Amene wakutolerayo ukamuthokoze."