Zenera la Bambo

Wezulo yomaliza itangolira, bambo anamenya felemu ya zenera ndi dzanja lamanzere, lokhalo limene linkagwira ntchito chidwalire sitiroko.

"Takwera! Mayi a mwana, talowa ligi yaikulu!"

Mayi anali ataima kumbuyo kwa mpando, kapu ya madzi ndi mapiritsi zili m'manja. Kutsidya kwa msewu, pabwalo la mpira, fumbi linali koboo, anyamata atanyamula goloboyi m'mwamba. Bwalolo linalibe mpanda, ndipo bambo, amene sankatulukanso m'chipindamo, anaonera masewero onse apakhomo pa zenera limeneli. Tsiku la mpira lokha ndilo ankavomera kumetedwa ndevu.

"Chaka chamawa matimu akuluakulu adzabwera pompano," anatero bambo, malovu akutsikira kuchibwano. "Ena azidzakanganirana pageti, ine ndili phee pampando wanga ngati bwana."

Mayi anawapukuta. M'mawa mlamu wawo, mmisiri womanga nyumba, anali atawanong'oneza kuti ligi yaikulu siilola bwalo lopanda mpanda. Timu ikapambana lero, khoma lidzakwera kupitirira denga la nyumba yawo, ndipo maziko akumbidwa mvula isanagwe.

"Nanga mwangoti duu ngati taluza bwanji? Imbani nthungululu, mayi inu!"

Mayi anaika kapu pansi. Anayang'ana mizere yoyera ya laimu, magolo awiri aja, ndi nkhongo ya mwamuna wawo ikugwedezeka ndi chimwemwe. Kenaka anaimba nthungululu.

"Eya, choncho!" anatero bambo, osacheuka.