Chifuwa cha m'Nyimbo Yachitatu

Nyimbo yachitatu itangoyamba, Selina anasiya kusenda chinangwa n'kutchera khutu ku sipika.

Chinali chimbale cha Khirisimasi cha kwaya ya mpingo wawo ku Kande, chimene chinakhala pa kaseti zaka zonsezi. Mwana wake Ephraim anali atapita nayo ku Mzuzu kukaisamutsira pa memole khadi.

"Mwamva, ama? Phokoso lonse lija alichotsa."

Selina ankadikira pamene azimayi amapumira, azibambo a besi asanalowe. Pamalo amenewo malemu Killion, mwamuna wake, ankamveka pa kasetiyo akutsokomola kawiri, ndipo chaka chilichonse nyumba yonse inkaseka.

Azimayi anapuma. Besi inalowa bwinobwino.

"Bwezera."

Ephraim anabwezera. Chimodzimodzi.

"Adada ako ali kuti?"

"Kachifuwa kaja? Wa ku situdiyo anati kakuwononga nyimbo. Anakadula."

"Nanga kaseti?"

Ephraim anayang'ana pansi. "Inali itatha, ama. Ndinaisiya konko."

Selina anapukuta manja pachitenje n'kulowa m'nyumba. Anatuluka atavala nsapato.

"Zimitsa zako zoyerazo. Tiye kumsewu, tikawatenge asanawataye."