Phewa Lachikasu

Anali atakwana masiku anayi Sisitere Ildegarda akukwecha phewa la chiboliboli, koma chikasu chake osachoka. Anayesa sopo, phulusa, mandimu. Zala zinasupuka. Phewalo linangoti chikasu ngati dzino la wosuta fodya.

Chibolibolicho chinali cha mnyamata akudzutsidwa ndi mzimayi, chosemedwa pamwala woyera zaka mazana anayi zapitazo. Masisitere anachipeza m'nyumba ina yakale ya mu Roma pamene nyumbayo inkasanduka yosungiramo okalamba, ndipo Ildegarda ankachidutsa maso ali pansi, poti mnyamatayo sanavale. Koma tsopano denga linkadontha pamabedi. A boma anati likapanda kukonzedwa mvula isanakule, nyumbayo aitseka, koma ndalama zokonzera panalibe. Nyumba ina yosungira zinthu zakale mu Roma momwemo inavomera kutumiza munthu Lachisanu, kudzaona ngati ingachigule.

Atatopa, Ildegarda anapemphera kwa Yosefe Woyera, kenako anaitana Gaspare, wosema miyala ya pamanda, yemwe m'mawa uliwonse ankabwera kudzameta ndevu mkulu wake wofa ziwalo. Gaspare anayendetsa chikhadabo pamsoko wozungulira phewalo.

"Si litsiro ili, Sisitere, ndi chigamba. Anaphatika ndi mlesi wina. Mukanakwecha mpaka Pasaka."

Anadzipereka kuchotsa chigambacho n'kuikapo mwala woyera. Anagwira masiku awiri, ndipo malipiro ake anali khofi basi. Pofika Lachisanu phewa linali mbee, msoko osaoneka. Ildegarda anayatsa kandulo yothokoza.

Amene anabwera kudzaona chibolibolicho anali Mayi Tosatti, katswiri wolankhula motsitsa mawu. Anapatsa moni nkhalamba iliyonse, anazungulira chibolibolicho kawiri, n'kutseka kope lawo. Anati ndi ntchito yabwino ndithu, koma yongotengera, ndipo sangagule. Mnyamatayo ndi Pelope, yemwe m'nthano za Agiriki anaphedwa ndi bambo ake. Milungu pomuukitsa inapeza phewa limodzi palibe, ndipo inamuikira la mnyanga wa njovu.

"Makalata akale akunena kuti mmisiri mwiniwake anaika mwala wachikasu pamenepa, wonga mnyanga. Pepani, Sisitere. Chanuchi n'choyera paliponse."

Ildegarda anatembenukira kukhomo. Dzulo lake Gaspare anali ataphwanya mwala wachikasu uja, zidutswa n'kukwirira kadzenje ka pakhomopo komwe njinga za okalamba zinkatitimira.